Mfuti ndi alenje pa wailesi: bwanji timangomva za ogwidwa okhaokha?

Amene mumamvera nkhani pa Rádio Moçambique, kaya za Chipwitikizi zochokera ku Maputo kaya za Chinyanja zowerengedwa kuno ku Tete, mundivomereza kuti nkhani ya mfuti ndi ulenje ikangoyamba mumatha kuimaliza nokha wowerengayo asanafike kumapeto. Apolisi agwira anthu atatu m'boma lakuti, awapeza ndi mfuti yosula okha, mawaya okolera nyama komanso nyama yowamba, pano ali m'chitokosi akudikira khoti, ndipo mneneri wa apolisi wapempha anthu kuti aziulula akaona zokayikitsa. Basi yatha, tikupita ku zamasewera. Mwezi wamawa ibweranso yomweyo, chosintha ndi dzina la boma ndi nambala ya ogwidwa.

Pa kanema wa TVM kapena STV ndiye mumaona ndi maso. Anyamata awiri awakhazika pansi kunja kwa komando, mapazi ali mbuu, wina malaya ong'ambika paphewa, kutsogolo kwawo ayala katundu pa saka, gogodela ya paipi yomangirira ku thabwa ndi malegeni a chubu cha njinga, kabotolo ka onga, mawaya a mabuleki okulunga bwinobwino, ndi mwendo wa gwape wakuda bii ndi utsi. Mtolankhani amuloza maikolofoni mmodzi wa iwo, iye maso ali pansi angoyamba kunena za njala kunyumba, asanamalize mawu a mtolankhani akwera kale pamwamba m'Chipwitikizi.

Ine sindikuti amanama ayi. Anthuwo amagwidwadi, ndipo nyama m'tchire zikuthadi, aliyense wa ku Angónia kapena Tsangano amene wafika zaka 50 akuuzani kuti kumene ankaona insa ali mwana lero kuli minda ya mbatatesi. Vuto ndi poyambira nkhani ndi pothera pake. Imayambira pamene munthu wamangidwa n'kuthera pomwepo. Nguluwe zinayamba liti kulowa m'munda mwake, mfutiyo anaitenga kuti, nyamayo amakagula ndani ku tawuni, khoti linagamula zotani, zonsezi sitizimva. Ndipo sikuti atolankhani ndi oipa mtima, ambiri a iwo anakulira kumudzi konkuno akudya mbewa ngati ife tomwe. Pali zifukwa zake, zina ndi za ndalama, zina ndi za nkhondo, zina ndi zathu ife eni ake.

Tiyambe ndi mmene nkhani imapangidwira. Rádio Moçambique ndi ya boma, inayamba mu 1975 chaka cha ufulu chomwecho, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake youlutsira mawu. Ya kuno ili mu mzinda wa Tete, imayankhula Chipwitikizi, Chinyungwe ndi Chinyanja chathuchi. Koma taganizani kukula kwa chigawo chino. Tete yekha amaposa mtunda wonse wa Malawi ukachotsako nyanja. Kuti mtolankhani achoke mu mzinda akafike ku Zumbo kapena mkatikati mwa Marávia ndi Chifunde, pafunika galimoto yolimba, mafuta, pogona, ndipo nthawi ya mvula njira zina sizipitika n'komwe. Pomwe komando ya apolisi ili pafupi, atha kupita wapansi kapena pa txopela, ndipo apolisi amaitana okha atolankhani sabata ndi sabata kudzawauza zimene zachitika, ogwidwa ali pomwepo, katundu ali pomwepo, chithunzi chokonzeka kale. Inuyo mukanakhala mkonzi, nkhani ikufunika pofika 12 koloko, mukanatuma munthu kuti?

Ndiye amene ali ndi ofesi, foni ndi mneneri ndi amene amafotokoza nkhani. Apolisi, a ANAC amene amayang'anira malo osungira nyama, bwana administrador, nthawi zina mabungwe akunja amene amalipira mapologalamu a zachilengedwe. Mlenje alibe mneneri. Komanso nkhani zambiri zimalembedwa kaye m'Chipwitikizi kenako wina n'kuzitembenuza mothamanga kuti aziwerenge m'Chinyanja, choncho olo ikumveka m'chiyankhulo chathu, maganizo ake amakhala a mu ofesi, ndipo zimamveka ndithu, mumangodziwa kuti chiganizo ichi sichinabadwire kuno.

Pamenepa mpamene pamabwera chisokonezo chachikulu, choti anthu osiyana kutalitali amaikidwa m'thumba limodzi. Pali mwana wa ku Domué amene akukumba mbewa mu Ogasiti ndi kakhasu ndi galu wake, mwina n'kuyatsa tchire kuti aone mauna. Pali bambo wa ku Macanga kapena Chiúta amene amagona m'msasa kumunda ndi gogodela chifukwa cha nguluwe ndi anyani, pena n'kuphako gwape wa ndiwo, wotsala n'kugulitsa kuti agule sopo. Ndiye pali ena aja, magulu a ndalama zawo, oyenda ndi AKM kapena mfuti zikuluzikulu za .375 ndi .458, ofuna minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, kumbuyo kwawo kuli wogula amene sanapondeko m'tchire. Pa wailesi onsewa ndi ma furtivo, kutanthauza osaka nyama mozembera lamulo. Womvera wa ku Maputo akamva kuti ku Tete agwira ma furtivo asanu amaona m'maganizo mwake anthu opha njovu, chikhalirecho ndi anthu a mwendo wa gwape aja.

Gulu lachitatuli ndi loopsa zenizeni, tisanamizane. Kalembera wa njovu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015 anaonetsa kuti pa zaka zisanu zokha njovu za mu Mozambique zinatsika kuchoka pa 20,000 kufika pafupifupi 10,300, theka lathunthu, makamaka ku Niassa. N'chifukwa chake malamulo anawawitsidwa, lamulo la zosunga zachilengedwe la 2014 linabweretsa ndende ya zaka zambiri, ndipo atalikonzanso mu 2017 chilango chopha nyama zotetezedwa chinafika zaka 12 mpaka 16, kuphatikizapo ogula ndi otumiza kunja. Apa wailesi inagwira ntchito, uthenga unafika mpaka kumidzi. Koma chaka chomwecho cha 2015 ku Matola apolisi anapeza m'nyumba ina minyanga yoposa tani imodzi ndi nyanga za chipembere 65, patangopita masiku ochepa nyanga 12 zinasowa mosungira katundu mwa apolisi momwemo, ndipo ena mwa omangidwa pa nkhaniyo anali apolisi. Nkhani ngati imeneyo ndi imene imakuonetsa kumene kuli mutu wa malondawa, koma zotere zimabwera kamodzikamodzi, ndipo amazikumba kwambiri ndi a nyuzipepala zoima pazokha monga Savana, zimene ku Furancungo simungazipeze pa msika.

Pali mlenje wachinayi amene pa wailesi satchedwa mlenje n'komwe. Uyu ndi mlendo wochokera ku America, Spain kapena South Africa, amatera pa ndege ndi mfuti yake ya mapepala, kampani ya safari n'kumutenga kupita naye ku coutada, malo amene boma linapatula kuti azisakako nyama, kapena ku malo ena ololedwa, amalipira madola masauzande ambiri kuti aphe njati, kambuku kapena ng'ona, ajambulitse, mutu ndi chikopa n'kuzitumiza kwawo. Zonsezi ndi zololedwa, boma limatulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe malo alionse. Nkhani yake ikabwera imakhala m'gawo la chuma ndi zokopa alendo, mawu ake aulemu, ndalama zakunja zalowa, ntchito zapezeka. Tsono munthu wa ku Mágoè amene waona ndi maso ake mzungu akupha njati masana dzuwa likuswa mtengo, mafisikale, alonda a nyama a boma, akumuperekeza, mawa lake amve pa wailesi kuti mphwake wamangidwa chifukwa cha njiri, mukuganiza kuti amva chiyani? Kusiyana kwake kulipo ndithu ndipo kungathe kufotokozeka, winayo walipira ndipo nyama yake inawerengedwa, koma palibe amakhala pansi kumufotokozera, amangomuuza kuti ndi lamulo.

Chodabwitsa n'choti chigawo chathu chino ndi chimene chinayamba kuyesa kulumikiza mbali ziwirizi. Tchuma Tchato, ija inayambira ku Bawa m'boma la Mágoè cha m'ma 1994, kufupi ndi kumene Zambezi amalowera m'dziko muno kuchokera ku malire a Zambia ndi Zimbabwe. Nkhondo inali itangotha, anthu akubwerera kuchokera kothawa, n'kupeza kuti tchire lawo lapatsidwa kwa kampani ya safari, mikangano inali tsiku ndi tsiku. Ganizo linali lakuti ndalama zimene alenje akunja amalipira zizigawidwa patatu, gawo lina ku boma lalikulu, lina ku boma la distrito, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lizibwerera kwa anthu a m'midzi, iwo n'kumasankha okha chochita nazo, kaya chigayo kaya sukulu, ndipo ena mwa alenje akale omwewo analembedwa ntchito yolondera nyama. Inali yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko lonse la Mozambique, anthu ankachokera kutali kudzaphunzira. Kenako mu 2005 boma linakhazikitsa kuti m'dziko lonse 20 peresenti ya misonkho ya nkhalango ndi nyama izipita kwa anthu okhala kumaloko, ndipo mu 2013 gawo lina la dera lomwelo analisandutsa Parque Nacional de Mágoè.

Apa ndiye pali nkhani zoti wailesi ya anthu ikanamadya nazo bwino. Chaka chino alola njati zingati m'dera lakuti? Njati imodzi boma limalandirapo zingati? Nanga 20 peresenti ija inafika, inalowa mu akaunti ya komiti iti, anasaina ndani, inagula chiyani? Nyama ya njovu imene mlendo wapha, poti iye amangofuna minyanga ndi chithunzi, imagawidwa bwanji m'mudzi? Awa si mafunso oukira boma, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma lilipo kuyambira 2014. Koma chimene timamva kawirikawiri ndi tsiku la mwambo, bwana wabwera ndi cheke chachikulu chojambula pa katoni, amayi avina, mfumu yathokoza. Miyezi ikapita palibe amabwererako kukaona ngati mjigo uja unakumbidwa. Ineyo apa mpamene ndimaona kulephera kwenikweni, kuposa nkhani ya anyamata a pa komando ija, chifukwa izi sizifuna ulendo wa ku Zumbo, zimangofuna foni ndi kulimba mtima pang'ono.

Tsopano za mfuti payokha. Munthu wa kunja sangamvetse chifukwa chimene wailesi yathu imaitchulira mfuti ndi mawu ozizira chonchija ngati sadziwa kumene tachokera. Chigwa cha Zambezi chakhala ndi mfuti kwa zaka mazana, Achikunda aja anali asilikali a eni ma prazo, malo akuluakulu a nthawi ya Apwitikizi, komanso akatswiri osaka njovu, minyanga inkatsika ndi mtsinje kuchokera ku Zumbo kudzera pa Tete mpaka kunyanja, ndipo gogodela ndi mdzukulu wa mfuti za nthawi imeneyo, yothira onga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo. Kenako nkhondo ya ufulu, imene kuno ku Tete inavuta kwambiri nthawi imene ankamanga Cahora Bassa. Mbendera yathu mpaka lero ili ndi AK pamodzi ndi khasu ndi buku. Ndiye kunabwera ya zaka 16 ija, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ya imeneyi sindikufunika kuuza munthu wa ku Angónia, midzi yathunthu inasamukira ku Dedza ndi Ntcheu, Malawi anasunga anthu athu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri amene mukuwerenga pano sukulu munayambira kumeneko.

Nkhondo itatha mfuti zinatsala mbwee, zina zokwiriridwa m'mapanga ndi m'nkhalango, zina pansi pa bedi. Kuyambira 1995 apolisi athu ndi a ku South Africa ankayenda limodzi mu ntchito yotchedwa Operation Rachel kufukula ndi kuphwanya zida zobisidwa. Chaka chomwecho a Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, anayambitsa zosinthanitsa mfuti ndi makasu, ukabweretsa mfuti amakupatsa khasu, njinga, makina osokera kapena malata, osakufunsa mafunso ambiri. Zina mwa mfutizo amisiri anazidula n'kuwotcherera zinthu zoonetsa, mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha uli ku British Museum ku London. M'zaka zonsezi wailesi inali ndi uthenga umodzi, bweza mfuti, mfuti m'nyumba ndi imfa, ndipo unali uthenga woyenera. Atolankhani akuluakulu a lero anaphunzira ntchito m'nyengo imeneyo. Ndipo tisaiwale kuti sizakale zokha, mu 2015 ndi 2016 kuwomberana kunabukanso ku Moatize ndi Tsangano, anthu masauzande n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu 2023. Ku Cabo Delgado kukuwomberanabe kuyambira 2017.

Ndiye pa wailesi ya boma mfuti ili ndi malo awiri okha. Ikakhala m'manja mwa msilikali kapena wapolisi ndi chitetezo, ikakhala m'manja mwa wina aliyense ndi umbanda. Za munthu wamba wokhala ndi mfuti mwalamulo sizikambidwa, ngati kuti kulibe, chonsecho malamulo ake alipo, anakonzedwanso mu 2007, chilolezo amapereka ndi apolisi, pali cha mfuti yodzitetezera ndi cha mfuti yosakira. Kungoti njira yake ndi ya mapepala ambiri, ndalama ndi maulendo a ku tawuni, ndiye amene amakwanitsa ndi a mabizinesi, makampani a alonda ndi a safari. Mlimi wa ku Chifunde sangayambe n'komwe, komanso gogodela yosula kuseri kwa nyumba palibe ofesi ingailembe m'kaundula. Choncho iye amakhala wolakwa kuyambira tsiku limene waigwira. Kumbali ya mizinda mfuti imamveka pa nkhani zoba anthu a chuma n'kumafuna dipo, zimene zavuta ku Maputo kuyambira cha m'ma 2011, ndi pa imfa zimene dziko lonse limazidziwa, mtolankhani Carlos Cardoso mu 2000, katswiri wa malamulo Gilles Cistac mu 2015, loya Elvino Dias ndi wandale Paulo Guambe mu Okutobala 2024. Funso loti mfuti zimenezi zimachokera kuti ndi lolemera, ndipo wailesi imene malipiro ake amachokera ku boma imaliponda mosamala kwambiri. Kuonetsa gogodela n'kosavuta, siikwiyitsa munthu aliyense wa udindo.

Mwina ena mwaonapo pa Facebook anthu a ku America akukangana pa nkhani yooneka ngati yomweyi, alenje akumeneko kudandaula kuti wailesi yawo ya NPR ndi manyuzipepala akuluakulu a ku New York ndi Washington amalembedwa ndi anthu a m'tawuni osadziwa tchire, amene amangokumbuka mfuti pakachitika zoopsa pa sukulu. Kudandaula kwake kukufananako ndi kwathu, koma nkhani zake ndi zosiyana, tisatengere. Kumeneko kukhala ndi mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko kuyambira 1791, mfuti za anthu wamba n'zochuluka kuposa anthu eni ake, pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, ndipo kuyambira 1937 msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo umapita ku ntchito yosamala nyama zakutchire, ndiye alenje awo ali ndi mabungwe, magazini ndi maloya, akanyozedwa amayankha. Kuno palibe amene akupempha kuti aliyense akhale ndi mfuti, tinaziona ife, sitikuzifunanso. Chimene tikusowa n'chaching'ono, kuti pokamba za tchire afunseko anthu okhala m'tchiremo.

Kunena za akunja, kumbukirani Julayi 2015 pamene dokotala wa mano wa ku America anapha mkango wotchedwa Cecil ku Hwange, Zimbabwe. BBC, CNN, dziko lonse linalira sabata zingapo, ndipo nkhaniyo inafika mpaka pa mawailesi athu. Tsono ikani pambali pake izi. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2010 anawerenga anthu 265 ophedwa ndi nyama zakutchire mu Mozambique pakati pa Julayi 2006 ndi Seputembala 2008, ndipo awiri mwa atatu alionse anagwidwa ndi ng'ona, ambiri m'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa, kwathu konkuno. Mayi wopita kukatunga madzi, mwana wosamba, msodzi wa pa bwato la khungwa kapena lamtengo. Amenewa dzina lawo silimveka olo ku Maputo, ikakhala nkhani ndi mizere iwiri, ndipo mlimi amene njovu zamudyera munda wonse usiku umodzi kawirikawiri palibe chimene amalandira. Lamulo limati nyama yovuta akaphe ndi anthu a boma, ndiye mumakanena kwa mfumu, mfumu ku posto, a ku posto ku distrito, mafisikale apeze galimoto ndi zipolopolo, pofika njovu zili kale kutsidya. Mkwiyo umene umabadwa pamenepo ndi umene umapangitsa mudzi wonse kubisa munthu wa mfuti, ndipo nkhani ya pa komando ija siingamveke bwino popanda mbali imeneyi.

Koma nafenso tili ndi gawo lathu. Tinene kuti mtolankhani wapeza mafuta wafika m'mudzi, akufuna mlenje woti ayankhule. Ndani angavomere? Kuyankhula n'kudziulula wekha kuti uli ndi mfuti yopanda mapepala, mawa mafisikale ali pakhomo. Komanso ulenje kwathu sunakhalepo nkhani ya pabwalo. Uli ndi zizimba zake, mankhwala osambira ndi otemera, zosala zake, paja akuluakulu amati mwamuna akapita ku uzimba mkazi kunyumba adzisunge apo ayi njati imupweteka, ndipo mlenje weniweni sauza munthu kumene wapeza mapazi a nyama. Ndiye mbali imodzi kuli ofesi yokonda maikolofoni, mbali inayi kuli munthu amene moyo wake wonse anaphunzira kukhala chete. Olo mawailesi a m'madera, awa ali m'maboma ngati ku Ulongué, ambiri ali pansi pa ICS, bungwe lofalitsa nkhani lomwenso ndi la boma, ndipo pologalamu ya zachilengedwe ikakhalapo nthawi zambiri pali bungwe limene lagula nthawiyo, uthenga wake unalembedwa kale, osatentha tchire, osatchera misampha. Akatsegula mafoni mpamene mumamva zenizeni, wina aimba kufunsa kuti nanga anyani atithera chimangawa titani, woulutsa n'kuseka pang'ono, kuthokoza, n'kuika nyimbo.

Zotsatira zake n'zoti anthu ambiri amadziwa zoletsedwa zokha, zololedwa sazidziwa. Lamulo la nkhalango ndi nyama la 1999 silinatseke ulenje wonse, linaugawa, pali wa masewera uja wa alendo, pali wa malonda m'mafamu a nyama, ndiye pali wa chilolezo wamba, woti nzika ndi anthu a m'midzi asake tinyama ting'onoting'ono ta ndiwo kunja kwa malo otetezedwa, ndipo malamulo otsatira ake anazindikiranso mlenje wa m'mudzi wosankhidwa ndi anthu ake. Pali nyengo yotseka, miyezi ya mvula pamene nyama zikuswana, pali njira zoletsedwa monga moto, poizoni, mawaya ndi mfuti za nkhondo, pali nyama zosakhudza n'komwe. Zonsezi zikanatha kufotokozedwa m'Chinyanja mu theka la ola, n'kubwerezedwa chaka chilichonse mvula ikamatha. Ine sindinakumanepo ndi munthu wa kumudzi amene anazimva pa wailesi. Ndipo kwa ife a m'malire pali chinanso, kuno ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè MBC ndi Zodiak zimamveka bwino ndipo zimayankhula Chichewa tsiku lonse, ndiye anthu amadziwa bwino lamulo la Malawi, lija analikonza mu 2017 lofika zaka 30 m'ndende, kuposa la dziko lawo. Mumve anthu akukangana pa bawo za chilango cha minyanga, manambala amene akutchula ndi a ku Lilongwe.

Malo amene wailesi yasiya atengedwa ndi WhatsApp, ndipo kumeneko kulibe mkonzi. Nkhani ya ngaka ndi chitsanzo chabwino. Kale munthu akatola ngaka ankapita nayo kwa mfumu, inali nyama ya ulemu, osati ya malonda. Kuyambira 2017 malonda a ngaka pakati pa mayiko ndi oletsedwa kotheratu, ndipo kuno ili m'gulu la nyama zotetezedwa, zija za ndende ya zaka zambiri. Koma m'mafoni mumayenda mphekesera zoti pali wogula wa mamiliyoni, mnyamata n'kuisunga m'saka masiku angapo osadya, akufunafuna bwana ameneyo, mapeto ake wogula amene wamupeza ndi wapolisi wovala wamba. Tsiku lomuonetsa kwa atolankhani, pofuna kusonyeza kukula kwa ntchito imene agwira, pena amatchulanso mtengo umene ogwidwawo amafuna kuigulitsa, ndipo wowerenga nkhani amaubwereza m'Chipwitikizi, m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja. Zaka za kundende amazitchula mothamanga kumapeto, koma mnyamata amene akumvera ku Fingoè, amene chaka chonse sanagwirepo 5,000 meticais ya pamodzi, chimene wagwira m'mutu ndi nambala yoyamba ija.